Ndinakhala Chete Bambo Akunamiza Adokotala

Inu owerenga, ine ndinakhala chete pomwe ndinayenera kulankhula, ndipo nditalankhula mochedwa ndinataya bambo anga akadali moyo.

Ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, timakhala ku Balbriggan, tauni ya kuno kunja kwa dziko lathu. Chaka chatha bambo anawapeza ndi chotupa m'phapo. Achipatala anati achichotsa ndi makina a roboti, poboola timabowo m'nthiti, ndipo bambo sakhalitsa m'chipatala. Tsiku lokakambirana za opaleshoniyo amayi anali pa shifiti kosamalira okalamba, choncho ndinawaperekeza ndine pa sitima.

Adokotala anafunsa ngati amasuta, komanso ngati anadwalapo TB. Bambo anakana zonse. Ine ndinkadziwa kuti amasutira m'galimoto, n'kutafuna chingamu asanalowe m'nyumba. Ndinkadziwanso kuti tili ku Ndirande anamwapo mankhwala a TB, nkhani imene kwathu sitchulidwa poopa kuti anthu aziti ndi matenda aja. Adokotala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Mwana satsutsa bambo ake pamaso pa alendo.

Opaleshoni inatheka, koma paipi imene anawaika m'nthiti sinachotsedwe. Inkathera m'kabokosi ka madzi pambali pa bedi, ndipo bambo akatsokomola madziwo ankachita thovu. Anesi anandiuza kuti phapo likutaya mpweya ngati chubu chobooka. Sabata inatha, ina n'kulowa, bambo akungowonda.

Ndinalephera kupirira. Ndinawatsatira adokotala m'khonde n'kuwauza zonse. Anati phapo analipeza litamatirira ku nthiti chifukwa cha zipsera zakale, ndipo phapo la munthu wosuta limachedwa kutseka. Akanadziwa kuti bambo akusutabe, akanayamba awathandiza kusiya asanawachite opaleshoni.

Mawa lake anesi anabweretsera bambo timapulasitala tothetsa chibaba cha fodya. Bambo anadziwiratu amene waulula. Azakhali anga a ku Ongar, alongo awo, anali pomwepo.

"Sukulu yakoyo akukuphunzitsa kuvula abambo ako pagulu?" anandifunsa azakhali.

Bambo sanandiyang'ane n'komwe. "Muuzeni atuluke. Ine mwana wamkazi ndilibe."

Ndinathawira kwa amayi poganiza kuti andimvetsa. Iwo anangoti, "Tsiku lija unali pomwepo. Pakamwa unasiya kuti?"

Phapo linatseka, tsopano bambo ali kunyumba. Koma ndikawaikira tiyi amauza mlongo wanga wamng'ono kuti achotse kapuyo. Ndimawaikirabe m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, mwina tsiku lina adzamwa.

Inu makolo, musamasenzetse mwana bodza lanu. Adokotala akamafunsa za fodya ndi matenda akale sakufuna miseche, akufuna kudziwa ngati phapolo lipola. Ndipo iwe mnzanga woperekeza kholo kuchipatala, lankhula musanafike. Ine ndikanangowauza m'sitima muja tili awiri kuti, "Ababa, mukapanda kunena ndinena ine," akanandikalipira mpaka potsikira pa siteshoni ya Connolly basi.