Chitsononkho m'payipi ya injini

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi n'kubwera kunyumba ndi kapikapu koyera kamene kanali kakale kuposa ine. Anayendetsa lole yonyamula masamba a tiyi kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo zonse zimene anawapatsa popuma anaziika m'galimoto imeneyo. Tinkakhala kwawo kwa mayi, cha ku Chinakanaka. Nyumba inali pa malo a mayi, munda unali wa mayi, ngakhale mtengo wa mapeyala umene bambo ankaimikapo galimoto anabzala ndi agogo awo a mayi. Pakhomo ponsepo, chinthu chimene bambo akanaloza n'kunena kuti n'chawo chinali kapikapu kokhako.

Mayi sanakakonde kuyambira tsiku loyamba. Iwo ankafuna malata atsopano ndi kagolosale. Koma bambo anali ndi nzeru zawo: kunyamula zinanazi za alimi a m'mphepete mwa phiri kupita nazo ku Limbe, pobwerera n'kutengako katundu wa eni magolosale a pa Chonde. Miyezi yoyamba zinayenda ndithu, moti mayi anayamba kukhala kutsogolo popita kutchalitchi, chonsecho tchalitchi chake chinali chapafupi, choti nkhalamba imafika osapuma.

Ku esiteti dalaivala sankaloledwa kugwira injini. Yake inali kuyeza oyilo ndi madzi m'mawa, basi. China chikavuta ankaitana a ku wekishopu. Choncho bambo ankadziwa dzenje lililonse la mumsewu wa ku Limbe, koma za m'kati mwa injini ankadziwa zochepa, ndipo sankafuna kuti anthu azindikire zimenezo. Zochepa zomwezo anandiphunzitsa ine, poti ndine woyamba kubadwa ndipo alongo anga anali adakali a pamsana. M'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukalowetsanso. Ndikatha ndinkapukuta injini yonse ndi nsanza, ngati mbale za alendo. Ndinkadzimva kwambiri ndi ntchito imeneyo, ndipo anzanga anatopa nane.

Tsiku lina ndinaona kuti pamwamba pa injini, chakumbuyo kufupi ndi galasi, kapayipi kena ka mphira kang'aluka. Injini ikamalira, pamng'alupo pankamveka kamluzu, ndipo pankanyowa oyilo wodetsa malo amene ndapukuta kale. Zinandinyansa.

Kwathu chinthu chikamatuluka timatseka. Botolo la palafini timatseka ndi chitsononkho, ndowa yobooka timaika kansanza, chigubu timamata ndi pulasitiki wosungunula. Sindinaone chifukwa choti injini ikhale yosiyana. Ndinatola chitsononkho kuseri kwa khitchini, n'kuchisema ndi mpeni mpaka chinachepa ngati chala changa chaching'ono. Ndinazula kapayipi kaja, n'kukankhira chitsononkho m'kati kupitirira pamng'alu, kunja n'kukulunga ndi linya, kenako n'kukabwezera pamalo pake. Bambo ataliza injini, kamluzu kaja kunalibe.

"Lero kadzuka bwino kagalimotoka," anatero akumwetulira.

Ndinkasunga nkhaniyo kuti ndidzadzitame nayo tsiku labwino, pakakhala alendo.

Tsiku labwinolo silinafike. Patangopita masiku owerengeka, oyilo anayamba kutuluka paliponse: m'mbali mwa chivindikiro cha injini, pansi, ngakhale kachitsulo koyezera kaja kankapezeka katadzikankha kokha. Kumbuyo kunkatuluka utsi wobiriwira, ndipo fungo la oyilo wopsa linkalowa m'kati momwe bambo ankakhala. Inali nyengo ya zinanazi, Khirisimasi itayandikira, nthawi imene galimoto inayenera kugwira ntchito kwambiri. Bambo ankaima m'njira kangapo kuthira oyilo, n'kumafika ku Limbe dzuwa litakwera, ogula atagula kale kwa ena. Alimi sanakwiye. Anangoyamba mmodzimmodzi kukweza zinanazi zawo m'pikapu ya munthu wina.

Ndimakumbukira mmene bambo ankabwerera madzulo masiku amenewo. Ankazimitsa injini n'kukhalabe pa chiwongolero kanthawi, manja ali pamwendo. Akatsika ankakhala pakhonde osavula nsapato, malaya ali madonthomadontho a oyilo, maso ofiira ndi utsi. Sankadandaula, ndipo bwenzi zili bwino akanadandaula. Woyankhula anali mayi.

"Ndinanena ine, bambo ake Esinati. Anakugulitsani maliro a galimoto, inu n'kunyamula kubwera nawo kuno. Malata akanakhala akudontha oyilo?"

Bambo ankangopukuta kumaso ndi chipewa. Munthu ali pachikamwini, abale a mkazi akumvera kuseri kwa mpanda, akanayankha chiyani?

Pano ndiye pali nkhani yanga. Pofika sabata yachiwiri ndinali nditayamba kale kukayikira. Ndinali mwana koma sindinali chitsiru: ndinaona kuti matenda onsewa anayamba nditaika chitsononkho chija. M'mawa uliwonse ndikatsegula boneti, maso anga ankathamangira pa linya lija. Kuchichotsa kunali kwa mphindi imodzi. Koma ndinkaopa kuti kamluzu kakabwerera bambo ayang'ana pamenepo n'kufunsa. Ndiye ndinkadziuza kuti kanthu kakang'ono chotero sikangadwalitse injini yonse, n'kutseka boneti. Ndinachita zimenezo kwa masabata anayi.

Kenako kunabwera munthu wina wa pa Chonde wogula magalimoto akufa n'kumawaphwasula. Anazungulira kapikapu kawiri, kumenya matayala ndi phazi, n'kunena kuti abweranso Loweruka masana ndi galimoto yokokera. Bambo anavomera ndi mutu. Koma Lachisanu anadzera kwa Che Amidu, mkulu wina amene kale anali makaniko ku wekishopu ya esiteti, amene pa nthawiyo ankangokonza zigayo ndi njinga zamoto pakhomo pake. Ndinapita nawo. Che Amidu anamvetsera injini, n'kumasula chitsekerero cha pothirira oyilo. Mpweya wotentha unawauzira m'manja.

"Iyi sinafe, achimwene. Ikubanika," anatero.

Anafotokoza kuti injini iliyonse ikamalira imapanga mpweya woipa m'mimba mwake, ndipo mpweyawo uli ndi njira yake yotulukira, kudzera pa kavalavu kakang'ono ndi timapayipi tiwiri. Njirayo ikatsekeka, mpweya umadzifunira pena potulukira, n'kumakankha oyilo m'malo onse olumikizira. Analoza kavalavuko ndi chala, ndipo chalacho chinadutsa pamwamba penipeni pa linya langa. Sanaime nalo, poti pa galimoto yakale linya si nkhani. Anauza bambo kuti akagule kavalavu ndi payipi, akasinthe okha kunyumba, si ntchito yoitanira munthu.

Loweruka m'mawa kunali kamvula kowaza. Bambo anayala thumba pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuikapo pulayazi, mpeni, nsanza, payipi yatsopano yopindidwa ndi kavalavu kali m'kapepala kake. Anayesa kulowetsa dzanja kuseri kwa injini, koma dzanja la munthu amene wakhala akupinda chiwongolero cha lole zaka zonsezo silikanakwana pamenepo. Anadzikanda pa chitsulo, magazi n'kutuluka pang'ono.

"Esinati, bwera. Kamkono kako ndiko kalowe apa."

Ndinakwera pa bampala n'kugona chafufumimba pamwamba pa injini yozizira. Iwo ankandiuza zimene Che Amidu anawauza, ine n'kumachita. Ndinafinya kawaya komangira ndi pulayazi n'kukatsetserezera kumbuyo. Ndinapotokola payipi uku ndi uku mpaka inalekana ndi chitsulo. Kavalavu kanali kolowetsedwa mu kamphira kozungulira, ndipo kanatuluka movuta, kali phalaphala oyilo wakuda. Bambo anakagwedeza pafupi ndi khutu, osamveka kanthu. Anagwedeza katsopano, kanalira ngati kamwala m'chitini. Payipi yachiwiri, yochokera ku sefa ya mpweya, inali yodzaza ndi litsiro louma, moti nayonso inali itatsekeka kale yokha ndi ukalamba.

Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Kavalavu kakufa kapezeka, payipi yotsekeka yapezeka, wolakwa wapezeka. Yotsala inali payipi yanga ija, imene inali m'dzanja langa lamanzere. Ndinatsika pa bampala n'kuyamba kusendera cha ku chinangwa kuti ndiiponye m'menemo.

"Bwera nayo kuno. Tiyezere yatsopanoyi, tingadule yaifupi."

Ndinawapatsa. Anaiyala pambali pa yatsopano, n'kudula. Kenako, sindidziwa chinawachititsa n'chiyani, anamasula linya lija, kupukuta kunsonga kwa payipi ndi nsanza, n'kuuziramo. Masaya anafufuma. Anauziranso. Ndiye anatenga mpeni n'kuing'amba m'litali, ndipo chitsononkho chinagwera pa thumba, chakuda bii, zosema za mpeni zikuonekabe.

Anachitola n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti waika ndani.

"Unaika liti?"

"Sukulu isanatseke, ababa."

"Nanga unadziwa liti kuti chikuvuta n'chimenechi?"

Ndikananama, ndipo akanandikhulupirira. Koma ndinali nditatopa nako kunama. Ndinati sabata yachiwiri.

Ndinkayembekezera lamba. Ndinali nditaumitsa kale thupi. M'malo mwake bambo anakhala pansi, pa dothi lonyowa lomwelo, n'kutsamira tayala.

"Kutsekako sindikukuimba nako mlandu," anatero ndi mawu otsika. "Ine ndemwe ndikanaona ndikanatseka. Koma iwe unkandiona ndikubwera madzulo onse aja."

Ndinaima pamenepo mvula ikundiwaza m'khosi, ndikulakalaka akanangondimenya kuti zithe.

Nthawi yomweyo mayi anatuluka ndi tiyi m'kapu ya chitsulo. Anayang'ana bambo ali pansi, n'kuyang'ana ine.

"Mwapeza chiyani?"

Bambo anafumbata chitsononkho chija m'manja. Ankawadziwa mayi. Akanamva, ndikanakwapulidwa tsiku limenelo, ndipo mudzi wonse ukanadziwa kuti mwana wamkazi wa uje wapha galimoto ndi chitsononkho, dzina loti likanandimamatira mpaka kukwatiwa.

"Kavalavu aka kanafa," anayankha. "Ndinachedwa kukaona."

"Zaka zonsezi muli pa chiwongolero, kukanika kuona kanthu ngati nsonga ya chala?"

Anaika kapu pa bampala n'kubwerera m'nyumba. Ine ndinali pomwepo, pakamwa panga pali bwinobwino, ndipo sindinatsegule.

Tinamaliza ntchitoyo osayankhulana kwenikweni. Ndinanyowetsa kamphira ndi kadontho ka oyilo, n'kukankhiramo kavalavu katsopano mpaka kanakhala. Ndinalumikiza mapayipi onse awiri, n'kubwezera timawaya tomangira. Bambo ataliza, injini inalira mofatsa, ndipo utsi unayamba kuchepa tikuona. Munthu wa pa Chonde uja atabwera masana ndi galimoto yake yokokera, anabwerera chimanjamanja.

Koma kapikapu sikanachire kwathunthu. Mpweya uja unali utaphulitsa kale mphira wina wa kumbuyo kwa injini, woti kuusintha mpaka atsitse giyabokosi, ndipo zimenezo bambo sanazikwanitse. Oyilo anapitiriza kudontha, pang'onopang'ono koma tsiku lililonse. Alimi a zinanazi anali atazolowera kale munthu wina. Chaka chotsatira, munthu wa pa Chonde uja anabweranso, ndipo ulendo uno sanabwerere chimanjamanja. Bambo anatenga khasu n'kumapita ku munda wa mayi. Za chitsononkho sanazitchulenso kwa ine, ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro langa linali la injini, loti usamatseke chinthu usanafunse chifukwa chake chikutuluka. Ndi loona, koma ndi laling'ono. Chitsononkho chikanachotsedwa sabata yachiwiri, mphira uja sukanaphulika, ndipo bambo akanakhala ndi galimoto yawo. Chinawononga si dzanja langa. Ndi masabata anayi amene ndinkawaona akukhala pakhonde ndi nsapato kuphazi, ine ndikudziwa, n'kumasankha kudziteteza ndekha.

Ndipo chimene chimandilemera kwambiri tsopano n'chakuti sindinasiye. Mayi ali moyo, akalamba, ali konkuja ku Chinakanaka. Tikasonkhana amakonda kuuza zidzukulu nkhani ya agogo awo aamuna amene anagulitsidwa galimoto yakufa n'kukanika kuona kavalavu. Amainena moseka, mopanda mkwiyo, ndipo ana amaseka. Inenso ndakhala ndikuseka nawo. Bambo ananditchinjiriza tsiku limodzi chifukwa ndinali mwana. Ine ndawasiya asenze mlanduwo zaka zonsezi, ndili munthu wamkulu wa ana anga.

Mayi sawerenga nyuzi, ndiye kulemba kunoku sikundichotsera kanthu. Ndiyenera kukwera minibasi, kukakhala nawo pamkeka, n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti amuna awo sanagule galimoto yakufa.