Anandiuza kuti ndiloze manda a mayi anga

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu ayi, inandichitikira ine mwiniwakene, ndipo amene akukayika abwere adzakhudze yekha chipsera chimene chili pamwamba pa khutu langa lamanzere. Ndakhala zaka zambiri osaikamba chifukwa cha manyazi, pakuti mukaimvetsa bwino muona kuti wopusa wamkulu m'nkhaniyi ndine ndemwe. Maina sinditchula, ngakhale la esiteti, chifukwa anthu amene analipo tsiku limenelo ambiri akadali moyo ndipo ali ndi ana.

Ine ndinabadwira m'malaini, nyumba zija kampani imamangira antchito ake pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Agogo anga anachokera ku Mozambiki wapansi, katundu ali pamutu, n'kufikira pa esiteti. Mayi anga anabadwira pomwepo, kukulira pomwepo, n'kuyamba kuthyola tiyi dengu lili kumsana asanathe n'komwe msinkhu. Bambo ankagwira ku fakitale ndipo anatisiya ine ndili sitandade faifi. Ndiye munthu akandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndinkatchula dzina la esiteti ngati kuti ndi mudzi. Anzanga pa holide ankapita kwa ambuye awo ku Mphuka kapena ku Kapichi, ife ndi mlongo wanga tinkangotsala kumasewera pa mpopi, chifukwa tinalibe kopita. Nyumba ya kampani inu mukuidziwa, ndi yanu pamene dzina lanu lili pa ntchito basi.

Nditakula ndinachita zimene anzanga onse ankachita, ndinapita ku Joni. Ndinawauza mayi kuti zaka ziwiri zokha ndibwera. Patatha zaka zinayi mlongo wanga anaimba foni kuti mayi atisiya, chibayo, masiku atatu okha. Ine mapepala anali atatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangowoloka malire, kubwerera kudzavuta ndipo ntchito idzatengedwa ndi wina. Ndinalira, inde ndinalira, koma sindinabwere. Mlongo wanga anandiuza kuti anthu a mudzi woyandikana ndi esiteti anawamvera chisoni mayi chifukwa ankapemphera nawo, ndiye anawaika m'manda a mudziwo. Pasanathe chaka iyeyo anakwatiwa n'kuwolokera ku Milanje ku Mozambiki, nambala yake n'kusiya kugwira. Kuyambira pamenepo ndinasanduka mtchona weniweni, wopanda womuimbira foni kumudzi.

Tsono tamvani ntchito imene Mulungu anandipatsa kumeneko. Ndinkagwira pa kampani yosema miyala ya pamanda. Tsiku ndi tsiku ine kupukuta miyala yonyezimira, kulemba maina a amayi a anthu ena, kukaiimika pamanda ana awo atavala masuti akujambulitsa zithunzi. Zaka khumi ndi chimodzi! Mtima wa munthu ungapirire mpaka liti? Tsiku lina ndikulemba dzina la mayi wina amene anabadwa chaka chimodzi ndi mayi anga, ndinangoika zida pansi, ndipo mwezi womwewo ndinakwera basi yobwerera kuno. Cholinga changa chinali chimodzi, kukayeza manda a mayi kuti ndiwamangire chiliza chimene Thyolo yense sanachionepo. Mukuona kunyada kwakeko?

Ndinafika mu Juni, chiperoni chitagwira, mvula yamawawa ija yosaoneka koma yolowa mpaka m'mafupa. Ndinagona pa Khonjeni, m'mawa mwake n'kugula khasu pa msika, wakabaza n'kukanditsitsa pa mphambano yolowera kumalaini. Abale anga, malaini kunalibe. Pamene panali nyumba yathu panali mitengo ya bulugamu italiitali, yoima m'mizere ngati inakhalapo chiyambire. Chimene ndinachizindikira ndi kasimenti kamene pankakhala mpopi. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Munthu wanzeru akanapita m'mudzi, kukagwada, kudzifotokoza, kupempha kuti amuperekeze. Koma ine ndi jekete langa lachikumba ndi nsapato zosongoka ndinati ndikafunse chiyani, kwathu konkuno? Kunena zoona ndinkaopa kuti andifunsa kumene ndinali pa tsiku la maliro.

Manda a mudziwo ndinkawadziwa, kankhalango ka mitengo yachilengedwe kumunsi kwa munda wa tiyi, kamene tili ana ankatiletsa ngakhale kukaloza ndi chala. Ku Joni manda ali ndi geti ndi manambala, umalowa Lamlungu ndi maluwa ako popanda wokufunsa. Ndinali nditaiwaliratu kuti kuno munthu salowa kumanda yekha, kuti umayamba wauza amfumu, amfumu n'kuuza adzukulu, anthu aja okumba manda, iwowo ndiwo amakutsogolera. Mwana wa sitandade wani amazidziwa zimenezi. Ine ndinangolowa, khasu paphewa, chikwama kumsana.

Mkatimo munali mdima wa mitengo ndi fungo la masamba owola. Mitumbira inali yambirimbiri, ina itaphwa, ina ili ndi mitanda yamatabwa imene maina ake anafufutika ndi mvula. Ndinayamba kuyenda mtumbira ndi mtumbira, kupalasa masamba ndi khasu kuti mwina ndiona chizindikiro, ndipo pa mtumbira wina, chifukwa cha chizolowezi cha ntchito, ndinatulutsa tepi n'kuyeza mulitali ndi mulifupi kuti ndione kukula kwa manda a kuno. Pamenepo m'pamene ndinamva mkuwo. Mayi wina amene ankatola nkhuni m'mphepete mwa tiyi anandiona, ndipo anakuwa ngati waona chilombo. Chimene ine sindinkadziwa n'choti miyezi imeneyo kunali mphekesera zoti kwabwera anthu achilendo ofukula mafupa a akufa n'kumakagulitsa kunja, ndipo midzi yonse inali tcheru.

Juni ndi nyengo yodulira tiyi, ndiye amuna amene anatsika m'mundamo akuthamanga aliyense anali ndi mpeni wake uja wokhota kunsonga. Anandigwira ngati mbuzi n'kundikokera pamsewu. Posakhalitsa a m'mudzi nawo anafika, amuna, amayi, ena ndi mipini, ena ndi miyala. Anakhuthula chikwama changa pansi, ndipo taonani zimene zinatulukamo: tepi, magolovesi, majumbo akuda amene ndinati ndiikemo zinyalala, ndi kabuku kanga ka kuntchito kodzaza zithunzi za manda ndi miyezo yake. Inuyo mukanakhala pagulupo mukanaganiza chiyani? Ine ndemwe nditaziona zili pansipo ndinadziona ngati mfiti. Mwala woyamba unandipeza pamwamba pa khutu, magazi n'kuyamba kutsikira m'khosi, ndipo ndinamva wina kumbuyo akuti apope petulo m'njinga yamoto.

Ndinakuwa kuti ndine mwana wa konkuno, ndinabadwira m'malaini. Anandifunsa kuti malaini ake ati, poti pamenepo pali bulugamu. Ndinatchula dzina la mayi, anthu n'kumangoyang'anana, chifukwa antchito a pa esiteti amabwera n'kumapita, ndipo ambiri mwa odulira tiyiwo anali ana pamene mayi ankamwalira. Ndinatchula kapitawo wa mayi, akuti anamwalira. Ndinatchula oyandikana nawo nyumba, akuti sakuwadziwa. Bambo wina anandiyankhula m'Chilomwe, chinenero chimene mayi ankandikalipira nacho ndi kundinyengerera nacho, ndipo ndinamva zonse bwinobwino, koma poti ndiyankhe, mawu amene anatuluka anali osakanikirana ndi Chizulu. Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Kenaka anafika mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wovala majombo, wosakweza mawu. Iyeyo anati anthu asataye nthawi, nkhaniyi ndi yapafupi. Ngati munthuyu akuti mayi ake agona muno, alowe akaloze manda awo, chifukwa palibe mwana amene sadziwa pamene pagona mayi ake. Akaloza zoona, amusiye. Gulu lonse linavomera kuti pamenepo ndiye pachilungamo.

Anandilowetsanso m'kankhalango kaja, amuna okhaokha, mipeni ili m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mitumbira yonse inali yofanana. Maganizo anandibwerera oti ndingoloza uliwonse, mwina mwayi ungandigwere, koma ndinadziwa kuti mtumbira uliwonse mwini wake ali kumbuyo kwangaku, ndipo ndikaloza bambo a munthu n'kunena kuti ndi mayi anga, ndathera pomwepo. Komanso china chake mumtima chinandiletsa kunama pamaso pa mayi, kulikonse kumene anali. Ndinagwada m'matopemo n'kunena kuti sindikudziwa. Ndinati pa maliro panalibe ine, ndinali ku Joni, sindinabwere. Ndikukuuzani, chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali imfa ayi, koma kuti ndifera mapazi ochepa kuchokera pamene pagona mayi anga osadziwa kuti ali kumanja kapena kumanzere.

Ananditulutsa, ndipo mkulu wa adzukulu uja anauza gulu kuti munthuyu walephera. Anthu anayamba kuyandikira. Pamenepo mayi wina wachikulire amene anali atatula beseni lake la nyemba za kalongonda m'mbali mwa msewu anati adikire kaye, ali ndi funso limodzi. Ndinamva pambuyo pake kuti anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo anali mmodzi mwa amayi osambitsa maliro m'mudzimo. Sanandiyang'ane mwachifundo ayi. Anati akukumbukira mayi mmodzi wa m'malaini amene anamuika mwana wake wamwamuna ali ku Joni, ndipo ngati mwanayo ndine, ndinene chimene ndinawatumizira mayiwo chaka chimene anamwalira.

Mutu unali ukuzungulira, koma ndinakumbuka. Ndinati bulangete, lalikulu lolemera, lofiirira, lokhala ndi chithunzi cha nyalugwe pakati, la m'chikwama chake chapulasitiki cha zipi. Ndinalipatsira dalaivala wina wa malole.

Mayi uja anangokhala pansi m'matope momwemo n'kugwira kumutu. Atayankhula, sanayankhule kwa gulu, anayankhula kwa ine. Anati bulangete limenelo mayi anga sanafundepo ngakhale tsiku limodzi. Linkakhala m'chikwama chake pamwamba pa sutikesi, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo ankaonetsedwa. Kuzizira kwa Juni kuja iwo ankafunda kabulangete kawo kakale kong'ambika ndi zitenje, anzawo akawakalipira ankayankha kuti ayi, limenelo adzafunda mwana wawo akadzabwera, chifukwa wazolowera kunja, kuzizira kwa kuno kudzamudwalitsa. Anati zipi ya chikwamacho anatsegula ndi iyeyo ndi manja ake, tsiku limene anawasambitsa, ndipo anawakulunga m'bulangete lomwelo.

Sindikudziwa kuti anthu anabalalika nthawi yanji. Ndinangoona miyala ili pansi, amuna akubwerera m'tiyi mmodzimmodzi osayang'anana. Ine ndinalira ngati mwana, kulira kumene ndinayenera kulira zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo. Wina anang'amba chitenje n'kundimanga pabalapo. Mayi uja atamukumbutsa, mkulu wa adzukulu anandigwira padzanja n'kukandionetsa malowo. Sanali mkati mwa mitengo mmene ndinkafufuzamo ayi. Anali kumphepete kwenikweni, kumene amaika alendo, pafupi ndi mzere womaliza wa tiyi, kamtumbira kophwa kamene ndinakadumpha polowa poyesa ndi mzere wakale wa chinangwa.

Mawa lake ndinapita kwa amfumu ndi nkhuku kukapepesa, monga mwa mwambo, ndipo sindinatsutse chilichonse. Chiliza tinamanga chaka chotsatira, chaching'ono, cha simenti wamba, adzukulu akutsogolera, amayi a kutchalitchi akuimba. Mwala wonyezimira umene ndinkafuna kuwaikira uja ndinausiya, ndinaona kuti ukanakhala wodzitamandira ine, osati wolemekeza mayi. Ku Joni sindinabwererenso. Ndinapempha kamalo m'mudzi momwemo, ndimalima nandolo ndi chinangwa, ndipo bambo amene ndikumuganizira kuti ndiye anaponya mwala uja timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Sindinamufunsepo, ndipo sindidzamufunsa.

Anthu aja sindiwada, ngakhale kuti kupha munthu musanamumve ndi tchimo lalikulu ndipo tsiku limenelo anatsala pang'ono kulisenza. Ankateteza akufa awo, pamene ine wanga ndinamutaya. Kale ndinkati ife a m'malaini tilibe kwathu, ena amati ndife a ku Mozambiki, ku Mozambiki amati ndife a ku Malawi, ku Joni amatitcha maina ena oipa. Lero ndimakhulupirira kuti kwathu ndi kuno, osati chifukwa ndinabadwirako, koma chifukwa anthu a kuno anasambitsa mayi anga, kuwanyamula ndi kuwakwirira ine kulibe, ndipo mmodzi mwa iwo anasunga nkhani yawo mumtima mpaka tsiku limene inandipulumutsa.

Tsono inu amene muli kunja, ndikudziwa kuti ena mukuwerenga pa foni muli pa buleki kuntchito. Mukadzabwera, musadzalowe kumanda nokha ngakhale mutavala bwanji, yambani mwagwada kwa eni mudzi. Koma chachikulu, musadikire kuti mudzabwere ndi tepi. Bwerani makolo anu akadali ndi maso oti akuoneni, ngakhale chimanjamanja. Ndipo ngati mwalephereratu, mwangotumiza bulangete, imbani foni muwauze kuti atsegule afunde lero lomwe, muwauze zoona kuti simukudziwa tsiku lobwera. Ine sindinaimbe, ndipo mayi anga anafa ndi chibayo bulangete lili pamwamba pa sutikesi.