Loweruka Limene Ababa Anachedwa mu Golosale

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili sitandade faifi, zaka zija sukulu itangoyamba kukhala yaulere. Tinkakhala ku malayini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Ababa anali khukhi wa bwana manijala, mzungu amene ankakhala ndi dona wake pamwamba pa chitunda. Amayi ankathyola tiyi mpaka pamene chifuwa chinawagoneka. Pofika mwezi wa Juni chaka chimenecho anali atatha masabata atatu ku chipatala cha pa boma, amayi aang'ono akuwadikirira. Mwana pakhomo ndinali ndekha, awiri obadwa pambuyo panga anapita ali makanda.

Ndineneretu pano kuti musavutike monga ndinavutikira ine. Loweruka limene ndikukambali, amayi anali atamwalira kale kunja kusanayere. Ababa ankadziwa. A Namakhwa, dalaivala wa pikapu ya bwana, ankadziwanso, poti ndi amene anabwera ndi uthengawo atakumana ndi amayi aang'ono pa geti ya chipatala m'mamawa. Ine sindinkadziwa kanthu.

Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, olo akhale m'nyumba ya kampani. Mkazi akamwalira, maliro ndi akuchikazi. Mwamunayo sangawalengeze, sangalire mokweza, sangauze ngakhale mwana wake, mpaka mwini mbumba atamva ndi makutu ake n'kufika pakhomo. Mwini mbumba wathu anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala ku Khwethemule, ndipo anali munthu wosachedwa kupsa mtima. Anali atanena kale poyera kuti ababa anazengereza kupita ndi amayi kuchipatala. Akanati amve za imfayo kwa anthu apanjira, kapena apeze maliro akulira kale iwo asanafike, ukanakhala mlandu, ndipo mapeto ake akananditenga ine kupita nane kumudzi, sukulu n'kuthera pomwepo.

Ababa anatuma munthu panjinga kupita ku Khwethemule. Vuto linatsala ndi ine. Pakamwa panga anthu a ku malayini ankapadziwa, ndinali mwana woti ndikapunthwa chala esiteti yonse imve. Ndiponso azimayi a ku malayini sabisa kanthu pankhope, mmodzi akanangondiyang'ana mwachifundo ndikanadziwiratu. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kulira kukanakhala kwanga, mlandu wa ababa.

Choncho anandiitana ndili pa mpopi.

"Felesi, samba uvale. Lero upita nane ku golosale."

"Nanga kuchipatala?"

"Pobwera."

Ndinasangalala, ndisaname. Golosale imeneyo ndinkangoimva. Ndinaphika phala la mpunga lothira nsinjiro, limene amayi ankalikonda, n'kulithira mu fulasiki yakale imene dona anatipatsa. Ababa anaima pakhomo akundionerera ndikutakasa, osandifulumiza, osandiletsa.

Kunali chiperoni tsiku limenelo, mvula yowaza ija yosanyowetsa bwino koma yolowa m'mafupa. Ababa anasiya mpando wawo wa kutsogolo n'kukhala nane kumbuyo kwa pikapu, titafunda lona. Tinadutsa minda ya tiyi, anthu ali zyoli m'mizere atavala mapepala apulasitiki, madengu kumsana. Tinadutsa pa boma. Ndinaloza msewu wa kuchipatala, ababa anagwedeza mutu osayang'anako.

Golosaleyo inali ku Bvumbwe, kuseri pang'ono kwa msewu waukulu kumene azimayi amagulitsa tomato ndi kabichi. Mwini wake anali Mpwitikizi wina wokalamba, ndipo anthu ankangoti kwa Mpwitikizi. Inali yaing'ono, mashelefu atatu ndi mafiriji awiri aatali, koma azungu onse a m'maesiteti ankagula kumeneko zakudya za kwawo zimene sizinkapezeka kwina. Titalowa, chinandilandira ndi fungo. Silinali fungo la sopo ndi palafini la magolosale athu ayi. Linali la nyama youma yopachika pa zingwe, khofi, ndi china chake ngati sokosi zonyowa, chimene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi tchizi.

Pa tilu panali mayi wina wonenepa amene ankawadziwa ababa.

"A khukhi, mwadzuka bwanji? Awa ndi achemwali athu? Nanga amayi kuchipatala akupeza bwanji?"

Ababa anali dikoni ku tchalitchi, bodza ankalitcha mwana woyamba wa Satana. Anayang'ana pepala la dona limene linali m'manja mwawo.

"Akupezako bwino," anatero.

Ndinamva mtima kukhala pansi. Ndinaloza paketi ya mabisiketi okhala ndi chithunzi cha nyumba ya chipale chofewa padenga, n'kufunsa ngati tingawagulire amayi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiponya mu basiketi.

A Namakhwa ankakonda kunena kuti ababa amamaliza kugula iwo asanamalize ndudu imodzi. Zaka khumi ndi zisanu akugula zinthu zomwezomwezo, manja awo ankadziwa okha pamene pali chilichonse. Koma tsiku limenelo anayamba kuwerenga. Anatenga botolo la maolivi, n'kulitembenuza, n'kuwerenga zonse za kumbuyo, pamene zinalembedwa m'chiyankhulo choti iwo sankachidziwa. Analibwezera, n'kutenga linzake lofanana nalo ndendende. Anachita chimodzimodzi ndi masitadi, ndi sipageti, ndi tinsomba ta m'chitini. Pa firiji ya tchizi anauza Mpwitikizi kuti awadulire chija chamawangamawanga obiriwira, atawadulira anati chachepa, atawonjezera anati chachuluka.

"Chawolatu ichi, ababa," ndinatero.

"Amachifuna chomwecho."

Poyamba zinkandisangalatsa. Ndinayenda m'mashelefu monse manja ali kumbuyo, kuopa kuswa kanthu. Koma pamwamba pa tilu panali wotchi yaikulu, ndipo ine ndinkadziwa kuti kuchipatala amatsegulira oona odwala thwelofu koloko n'kutseka hafu pasiti wani. Ikamakwana leveni ndinawakumbutsa. Ikamakwana thwelofu ndinawakumbutsanso, fulasiki nditaikumbatira pachifuwa. Anangoti, "Tatsala ndi mowa basi."

Mowawo unali wa ku Jeremani, wa m'mabotolo aafupi a bulauni okhala ndi pepala la golide pakhosi. Bwana ankafuna kireti yathunthu. Munthu aliyense akanangonyamula kireti n'kukalipira. Ababa anakhala chonjuta pansi, n'kuyamba kutulutsa botolo limodzilimodzi. Ankaliunika pa getsi, kuyesa chitsekerero ndi chala, kulipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kulibwezera. Iwo mowa sanaulawepo chibadwire. Atafika pa botolo lomaliza anati awiri ali ndi dzimbiri pa chitsekerero, Mpwitikizi akatenge kireti ina kuseri. Itabwera, anayambiranso.

Wotchi inati wani koloko. Basi, pakamwa paja panatseguka.

"Ababa, chofunika n'chiti, mowa wa azungu kapena amayi? Anthu ali ndi njala kuchipatala inu mukupukuta mabotolo. Akafa mudziwe kuti mwawapha ndinu."

Sindinanong'one. Mayi wa pa tilu anagwira pakamwa. Dona wina amene ankasankha jamu anatembenuka, ngakhale sanamve Chichewa. A Namakhwa anali ataima pakhomo, anayang'ana pansi n'kutuluka. Ndinadikira khofi la pa tsaya, ndipo akanandimenya palibe akanawadzudzula. Ababa anakhalabe chonjuta, botolo lili m'manja. Anandiyang'ana, koma pankhope pawo panalibe kanthu, olo mkwiyo, olo manyazi. Anapukuta botolo lija, n'kutenga lina.

Anamaliza kireti yonse, kenako anati, "Gwira uku."

Ndinagwira. Tinanyamula kupita nayo pa tilu, anapereka envulopu ya dona, mabisiketi aja analipira padera ndi za m'thumba mwawo. Tchizi, batala ndi masoseji tinaika mu bokosi la ayezi.

Pobwerera a Namakhwa sanachepetse liwiro pa boma. Ndinamenya denga la galimoto ndi chibakera mpaka dzanja linachita dzanzi. Ababa anandikoka diresi kuti ndikhale pansi.

"Atseka kale, sangatilole."

Ndinasendera kumapeto kwa lona kuti tisakhudzane, mvula ikundiwaza phewa limodzi. Mabotolo ankagundana mu kireti njira yonse.

Tinakwera ku nyumba ya bwana, tinalowera khomo la kukhitchini. Ababa anavala epuloni n'kuyamba kulongedza. Mowa anauika mu firiji m'mizere, mapepala onse atayang'ana kutsogolo. Ali mkati motero, bambo wina wolima maluwa anasuzumira pawindo.

"A khukhi, afika."

Ababa anatseka firiji. Anavula epuloni, anaipinda kanayi, n'kuiika pa tebulo.

"Adona mukawauze ndinu," anamuuza bamboyo. Kenako kwa ine, "Tiye."

Tinatsika ndi kanjira ka m'tiyi, iwo patsogolo ine pambuyo. Titayandikira malayini ndinaona atsibweni atakhala pa mpando pakhomo pathu, chipewa chili pa bondo, njinga yawo itatsamira khoma. Azimayi anali ataima m'makomo mwawo ali chete. Ababa anagwada patali pang'ono, anaomba m'manja, n'kuyankhula motsitsa mawu. Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu kamodzi. Pomwepo mayi wa nyumba yoyandikana nafe anayamba kulira, ena n'kulandira, ndipo anyamata anathamanga kukathyola masamba oika pamsewu.

Palibe amene anandiuza ndi mawu. Mayi wina wa ku tchalitchi anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'nyumba, anandikhazika pamphasa pakati pa azimayi. Ndinkayembekeza kuti ndikuwa, ndigubuduka, monga anthu onse ankandidziwira. Sichinabwere. M'mutu munali zii, m'chifuwa munali zii. Ndinkaona pakamwa pa anthu pakutseguka, ndinkamva phokoso, koma zinali ngati zikuchitika nyumba ina. Chimene ndinkaganiza n'chakuti fulasiki ikufunika kutsuka, apo ayi phala liwuma m'kati. Ndinayesa kudzuka kuti ndikatsuke, anandikhazikanso pansi.

Sindinalire ku Khwethemule kumene tinakawaika amayi. Azimayi ankati mwanayu ngolimba mtima. Sikunali kulimba, munalibe kanthu basi. Mabisiketi aja sindidziwa anadya ndani.

Tsiku losesa, akuluakulu atakhala pansi, atsibweni ananena kuti mkamwini wasunga mwambo, sanawachititse manyazi, choncho mwana abwerere ndi bambo ake akapitirize sukulu. Ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe. Sindinakondwe, sindinadandaule. Ndinabwerera ku esiteti ndi munthu amene mumtima ndinkamutcha wabodza, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwayankha "eya" ndi "ayi", osapitirira pamenepo. Iwo za mawu anga a mu golosale sanazitchulepo.

Nkhaniyi ndinadzaifunsa nditakula, nditayamba kale uphunzitsi. Ababa anali atapuma ntchito, akukhala pa kamunda kawo ku Nchilamwela. Tinali pakhonde tikusenda nandolo. Za mwambo ndinali nditazimvetsa kalekale, koma china chinkandisautsabe.

"Ababa, tsiku lija. Njinga ya ku Khwethemule kupita ndi kubwera si maola ambiri chomwecho. Pofika thwelofu munkadziwa kuti atsibweni ali pafupi. Kireti yachiwiri ija inali ya chiyani?"

Anayankha akusenda nandolo.

"Yoyamba ija inali ya atsibweni ako. Yachiwiri inali yako. Ndinkakuona ukuyang'ana wotchi, ukukwiya, ukudera nkhawa kuti mayi ako amva njala. Ndinati tikangotuluka pakhomo apa, mwana uyu alibenso woti azimudera nkhawa. Ndiye ndinkatenga botolo lina."

"Nanga mawu amene ndinanena aja mukuwakumbuka?"

"Ndikuwakumbuka onse."

Ananena mopanda kudandaula, ngati akunena kuti mvula yachedwa. Ine Felesi, amene ndimayankhula tsiku lonse pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu osatopa, pepani mmodzi yekha anandikanika. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndinathamangira minibasi, ndipo ulendo wotsatira ndinapita kukawaika.

Pano ndikudziwa kuti chisoni sichikhala ndi phokoso nthawi zonse, ndipo munthu amene wangoti zii pamene iwe ukuwira mwina wanyamula zoposa zako. Ndinaphunzira mochedwa, pa msana pa munthu amene sanandilakwire. Mkazi wawo anali atagona mu motchale, iwo ali pansi pa simenti yozizira akupukuta mowa wa eni ake kuti ine ndikhale ndi mayi kwa ola lina limodzi, ndipo ola limenelo ndinalitha ndikuwauza kuti awapha ndi iwo.