Tsiku Limene Atate Anaimba Foni ku Wailesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nyumba yathu ku Mtendere inkalamulidwa ndi munthu amene sitinamuonepo nkhope. Anthu ankangomutcha Ba Ankolo a Mwambo. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, Atate ankaika wailesi pawindo kuti timumvere, n'kutiletsa ngakhale kutsokomola. Bamboyo anali ndi mawu okhuthala, ndipo ankadzudzula chilichonse: akazi ovala mathalauza, nyimbo za achinyamata, ana oyankha makolo.

Chaka chimenecho mkulu wanga Tisa anatenga mimba ali giredi naini. Aphunzitsi ake anabwera kudzanena kuti akabereka, malo ake m'kalasi adzawapeza. Amai anasangalala. Koma Lamlungu lotsatira Ba Ankolo anachita kukalipa kuti mtsikana wotere akabwerera kusukulu amawononga anzake, malo ake ndi kubanja basi. Atate anangoti, "Mwamvela?" Nkhani inathera pomwepo. Tisa anapita ku Chawama kwa mnyamata amene anamupatsa mimbayo. Wailesi imeneyo ndinkadana nayo, sindibisa.

Patapita zaka ziwiri, munthu yemwe uja, ndi mawu omwe aja, anayamba kunena kuti makolo oletsa sukulu atsikana amene abereka ndi ankhanza, mwambo wathu sutaya mwana. Kumsika ena ankati zamugwera m'nyumba mwake, ena ankati wailesiyo yapeza eni ake atsopano. Zoona zake sindikuzidziwa mpaka lero.

Atate mpando unawatentha. Anatuluka, analowa, anatulukanso, kenako anatenga foni n'kuyamba kuimba. Inakana kangapo, mpaka mwadzidzidzi tinamva mawu a Atate akutuluka muwailesi.

"Ba Ankolo, ndine Phiri wa ku Mtendere. Si ndimwe munakamba ati mwana wa so asabwelele ku sukulu? Ine ninamvela imwe. Mwana wanga manje ali ku chikwati."

"Iyayi ba Phiri, ine sininakambepo ivo," anayankha mosatekeseka. "Kapena munamvela munthu wina."

Kenako anaika nyimbo. Atate anatsala ali chiimire, foni ili kukhutu.

"Sembe anakamba chabe ati ninalakwa," anatero kwa Amai, podandaula kuti bamboyo sanavomere kulakwa, "sembe namvesesa."

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chawama kukatenga Tisa. Anabwerako okha madzulo, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anamupeza ali ndi mimba yachiwiri, ndipo Tisayo anawauza mwaulemu kuti achedwa.

Lero ndimamvera olankhula pawailesi ambirimbiri, ndipo ena okonda mwambo ndimagwirizana nawo ndithu. Munthu kusintha maganizo si mlandu. Koma kufuula kwake sikundigwiranso mtima. Ndimadikira tsiku limene wina adzamukumbutse zimene ananena kale, ndimve ngati azivomere kuti ndi zake. Mtima wanga sunakhazikikebe pa nkhaniyi. Ba Ankolo anafufuta mawu awo pa Lamlungu limodzi, koma Tisa sanalowenso m'kalasi.