Chiperoni cha Mumtima

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anaganiza zondisiyitsa sukulu. Kwathu kwa Kanduku, Juni akafika, chiperoni chimakuta mapiri, kamvula kowaza tsiku lonse, dzuwa osaoneka. Anzanga ankangodandaula kuzizira. Ine chinkandigwira mwanjira ina. Ndinkadzuka thupi lili lolemera, chakudya osakoma, misozi ili pafupi popanda wondiputa. Kusukulu ndinkafika mochedwa, n'kumangoyang'ana bolodi osatolapo kanthu.

Mayi ananditengera kuchipatala. Anandibaya chala, n'kutiuza kuti malungo mulibe.

"Ngati si malungo, ndiye ndi ulesi," anatero bambo. "Azikhala pakhomo pano, azidyetsa mbuzi."

Ndinangoweramitsa mutu. Sukulu ndinkaikonda, ndipo bambo sindinkafuna kuwakhumudwitsa, koma mawu ofotokozera zomwe ndinkamva ndinalibe.

Nkhaniyi inawapeza a Rozina, oyandikana nafe nyumba, omwe anabwera ali mtsikana kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ankagulitsa manachesi pamsewu wa kumalire.

"Bambo a Tadala," anatero atakhala pakhonde pathu, "mwana waulesi amadya. Uyu akubweza mbale yodzaza. Mundibwereke mwanayu m'mawa uliwonse, koma sukulu asasiye."

Bambo anavomera monyinyirika.

Munda wa manachesi wa a Rozina unali pamtunda, njira ya kusukulu, pomwe dzuwa limayambira kuwomba. M'mamawa ankagogoda, tinkakwera limodzi, ine n'kumathyola, iwo akulongedza m'dengu. Mame ankandinyowetsa manja, fungo la makoko n'kundikanirira m'zala mpaka m'kalasi. Tikamaliza ankandikhazika pamwala kuti ndiwothere dzuwa. Likabisala tinkapitabe.

"Nanenso chimandigwira chaka ndi chaka," anandiuza tsiku lina akusenda nachesi. "Ndimachitchula kuti chiperoni cha mumtima. Chimabwera ndi chakunjachi, chimachokanso nacho. Usamadikire kuti mtima ufune kudzuka. Miyendo iziyamba, mtima upeza m'njira."

"Ndiye kuti si ulesi?" ndinafunsa chapansipansi.

"Iwe, ulesi uli ndi kalendala? Unali kuti ulesiwo pomwe unkakumba mtedza mpaka matuza?"

Ndinaseka, koyamba m'mwezi umenewo. Sindinachire tsiku lomwelo, koma ndinasiya kudziona ngati mwana woipa. Pofika Ogasiti ndinali nditayambanso kudya, ndipo za mbuzi sizinatchulidwenso.

Lero ndimagwira ntchito pa Boma. Nditakula ndinakafotokozera dokotala, ndipo anandiuza kuti kukhumudwa kobwera ndi nyengo ndi matenda odziwika, ndipo chithandizo chilipo. Ndinachilandira. Koma ndimathokoza a Rozina, amene anayamba kundikhulupirira, nalipatsa vuto langa dzina ine ndisanathe kulitchula.

Juni wapitayu foni yanga inalira m'mawa. Anali bambo.

"Tadala, kuno chiperoni chayamba. Wadzuka? Tuluka panja, mwana wanga."