Nsalu imene ndinamumanga pachibwano

Mpaka lero ndikaona mgwalangwa ndimayang'ana kumbali. Mwamuna wanga anagwa mumtengo wotero akugoma mowa wake wa uchema, kwathu kwa Tengani, nkhondo ya Jeremani itangotha kumene. Anamubweretsa pamachira dzuwa lili paliwombo, mphuno itaphwanyika, chibwano chitapotokera kumanja, mano awiri atatsala kuthengo.

Tonse maso anali pankhope. Ineyo makamaka, chifukwa ndisaname, nkhopeyo ndi imene ndinakwatiwa nayo. Ndinang'amba nsalu yanga yabiriwita, apongozi anga aakazi anagwira mutu, ine n'kukoka chibwano mpaka chinabwerera m'malo, n'kumanga zolimba mpaka pamwamba pamutu. Phala la mapira tinkamumwetsa ndi bango.

Kuyankhula sakanatha. Ankangobuula, dzanja lili pansi pa nthiti zakumanzere, pamene ankapisa kansupa kake ka fodya wonunkhiza. Munthuyo ndi fodya anali pachibale, moti ndinapsa mtima.

"Inu, mphuno yake iti yoti mukokere fodya? Gonani."

Anagwira mkono wanga kuukokera pamimba pake. Ndinauchotsa, n'kukonza mfundo ya nsalu imene inkafuna kumasuka.

Tsiku lachiwiri mtima sunakhale pansi. Ndinapita kumunda wa thonje, khasu osaligwira n'komwe, ndinabwerera. Ndinapita kumadzi, ndinabwera ndi mtsuko wosadzaza. Ndikalowa m'nyumba ndinkayang'ana chibwano, n'kuona kuti chili bwinobwino, koma munthu akutuwa, manja ali zii, ludzu losatha.

"Amayi, bwanji timasule nsaluyi atiuze chimene chikuwapweteka?"

"Mukamasula, mwananga, chibwano chikhala chokhota moyo wake wonse," anatero apongozi.

Ndinamvera msanga, chifukwa nanenso sindinkafuna mwamuna wokhota pakamwa.

M'mawa mwa tsiku lachitatu ndinavundukula chofunda kuti ndimupukute. Mimba inali itatupa, yolimba ngati thabwa, ndipo pamene ankagwira paja panali patada bii. Amalume ake, amene anagwirapo ntchito yonyamula odwala kunkhondo, anagwira pamenepo n'kunena motsitsa kuti nthiti zinathyoka, magazi akhala akutayikira m'kati. Ndinamasula nsalu ija, koma mawu anali atatha kale. Dzuwa lisanapendeke anatisiya.

Pamaliro amayi a m'mudzi ankabwera mmodzimmodzi kudzaona nkhope, n'kumandinong'oneza kuti ndinamanga bwino, chibwano chawongoka ngati sanagwe. Kansupa ka fodya kaja ndinakapeza tikusesa m'nyumba. Kanali patsindwi, pamene anakasiya yekha tsiku lopita kumgwalangwa.