Mbuzi ya Chipepeso

Mkazi wanga anagundidwa ndi minibasi ku Chibanja akuchokera kumsika. Dalaivala anali ataledzera. Pamaliro, abale a dalaivalayo anabweretsa mbuzi, ndipo amalume anga anailandira, poti chipepeso sabweza.

Anthu kwathu ku Lupaso anayamba kunena kuti popeza mbuzi tinadya, mlandu unathera pomwepo. Sukulu ndinapita mpaka kukoleji, koma ndinawakhulupirira. Milungu itatu sindinafunse za mlanduwo, poopa yankho, ndipo nyama sindinkaikhudza.

Kenako ndinalimba mtima n'kukafunsa mayi wapolisi amene ankayendetsa nkhaniyo.

"Achimwene, mbuzi ija ndi ya mwambo," anatero. "Mlandu woyendetsa galimoto utaledzera ndi wa boma. Lachiwiri mubwere kukhoti."

"Yewo chomene, amama," ndinathokoza.

Tsiku lomwelo mlongo wanga anaphika nyama, ndipo ndinadya.